Mapu a pafoni ndi nkhuni za agogo

Ndidatsika minibasi pa Namadzi Loweruka m'mawa, kuchokera ku Limbe, n'kupeza agogo atatupa. Komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mwathu idali italengeza kuti kumtunda kwa kaphiri kathu sikulowanso nkhwangwa. Kumeneko n'kumene agogo akhala akutola nkhuni chiyambire utsikana wawo.

"Mwanawe, poti ndiwe wa sukulu, tandiuza. Nsima ndiziphikira mapuwo?"

Ndidaseka, koma funsolo lidandilasa. Madzulo ake ndidapita kwa amalume, omwe ndi mlembi wa komitiyo. Adayala pepala pamphasa. Nkhalango ya mudzi adaigawa patatu. Kumtunda, kotsetsereka kwambiri, n'kosadula kanthu. Pakati anthu azisamalira zitsa kuti ziphukire, azitola nkhuni zouma, bowa ndi masuku, ofuna aziika ming'oma ya njuchi. Kumunsi kokha ndiko kobzala mitengo yokula msanga, yodula mosinthanasinthana.

Mizereyo sadangoilota. Mlangizi wa zankhalango adawathandiza kuona mmene malo atsetserekera, mtundu wa dothi, ndi njira zimene madzi a mvula amatsata potsikira kumtsinje. Malamulonso amalola: lamulo la zankhalango la 1997 limapatsa mfumu mphamvu yopatula nkhalango ya mudzi mogwirizana ndi nthambi ya zankhalango. Pamwamba pa izo, mu 2017 boma lidatulutsa mapu oonetsa madera oyenera kubwezeretsedwa m'dziko lonse, potsatira lonjezo la Malawi lokonzanso mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030.

Ndidagula kabandulo n'kutsegula Google Earth pafoni. Abale, zimene ndidaona! Kaphiri kathu kali ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha, ndipo zigwembe zitatu zatsika molunjika nyumba za kumunsi, imodzi mwa izo ya agogo. Pa Global Forest Watch, yomwe ndi yaulere, mutha kuonanso pomwe mitengo yatha chaka ndi chaka kuyambira 2001. Yesani kufufuza kwanu, koma mtima ukhale m'malo.

Ife a ku Chiradzulu sitifunika kulalikiridwa za phiri. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zidatsika n'kukokolola mudzi wa Ntauchira kwa T/A Likoswe. Mvula ija idali yoopsa, ndipo sindinganene kuti mitengo ikadaletsa zonse. Komabe dothi lopanda mizu silichedwa kugumuka.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndidawaonetsa agogo chithunzicho. Adachiyang'ana nthawi yaitali, foni ataigwira chakutali.

"Nanga kasupe ali pati?"

"Kasupe uti, agogo?"

"Wa pansi pa mkuyu. Sauma ngakhale mu Okutobala. Mwamuika kodula mitengo?"

Zoonadi. Pachithunzi padangooneka kadontho kobiriwira, ndipo papepala la amalume malowo adagwera m'chigawo chodula. Setilaiti siidamuone kasupeyo, komiti nayo idamuiwala. Pamsonkhano wojambula mapu padali amayi awiri okha, chonsecho otunga madzi ndi otola nkhuni ndi iwowo. Apa ndiye ndidawaimba mlandu amalume, ngakhale ndidalankhula mwaulemu.

Lolemba ndidachedwa dala kubwerera kuntchito. Tidakwera kaphiriko anthu asanu ndi awiri, agogo patsogolo ndi ndodo yawo, ine pambuyo ndikulemba malo pafoni. Adationetsa kasupe, mitengo iwiri ya mankhwala, ndi kanjira kachidule kofikira chigawo cha pakati osadutsa potsetsereka. Amalume adafufuta mzere wa pensulo n'kuukhotetsa kuti uzungulire mkuyu.

Za kumtunda agogo sadavomerebe ndi mtima wonse. Akuti ayamba aona ngati nkhuni zouma za pakatipo zingawafikitse ku dzinja. Mbande za kumunsi tikabzala mvula ikakhazikika mu Disembala, ndipo dzina langa alilemba kale pa gulu lokumba maenje.