Ba madamu akapita ku holide, lenti ilipira ndani?

Disemba ikafika, pa mabasi a m'mawa ochokera ku Mtendere ndi Kalingalinga mupeza mipando ya azimayi olera ana ili pululu. Masukulu atseka, ba madamu anyamula ana kupita ku Livingstone kapena kumudzi, ndipo wanchito auzidwa chabe kuti, "Pumulako, tizakutumira foni." Milungu inayi, nthawi zina isanu ndi umodzi. Manje ba landilodi sadziwa holide, unga nawo sudikira.

Kuyambira Januwale 2024, malipiro ochepetsetsa a wanchito wa panyumba ndi K1,300 pamwezi. Pamwezi, osati pa masiku amene abwana amufuna. Amene waimitsa nchito ndi abwana, ndiye kudula malipiro sichilungamo.

Lamulo la Employment Code la 2019 likuti pangano la miyezi 6 kapena kuposa lilembedwe. M'pepala lomwelo muikemo zonse: abwana akachoka adziwitse masiku angati kale, malipiro akhale athunthu, ndipo za NAPSA zisaime. Mulembenso ngati aloledwa kugwira piece work kwina, chifukwa apa m'pamene ambiri amakanganirana akabwerako. Zikavuta, ofesi ya Labour ndiye komwe muyenera kupita, mutanyamula pepala lanu.