MPOPE WA MFUTI UKANG'AMBIKA, MLANDU NGWA YANI?

Cimanga cikayamba kukhwima, mlimi amene ali ndi ciphaso ca mfuti aitsitsa pa cipupa cifukwa ca nguluwe ndi anyani. Ambiri aganiza kuti mfuti yogula ku sitolo siingakhale ndi cirema. Zimene zinacitika ku Finland zionetsa kuti ganizo limeneli si loona.

M'tauni ya Riihimäki muli kampani ya Sako, imene ipanga mfuti zosakira nyama zochedwa Sako ndi Tikka. M'caka ca 2004 mipope ya mfuti zina zatsopano inayamba kung'ambika poomba, kutsata utali wace monga ing'ambikira nsungwi, ndipo ena mwa oombawo anapweteka. Pofufuza kunapezeka kuti colakwa cinali m'citsulo cosacita dzimbiri cimene anapangira mipopeyo. Eni mfuti analibe mlandu. Cirema cotere cibisala m'kati mwa citsulo, ndipo munthu angapukute mfuti tsiku ndi tsiku osaciona.

Kampaniyo inaitanitsa mfuti zoposa 2,000. Inazizindikira ndi nambala yodindidwa pa citsulo ca mfuti iri yonse, ndipo eni ace anauzidwa kuleka kuombera mfutizo ndi kuzibweza. Apa ndi pamene paoneka nchito ya nambala ija. Opanga adziwa sitolo imene anatumizako mfuti, sitolo idziwa wogula. Koma mfuti ikapita m'manja atatu popanda kalata, uthenga sufika kwa amene ali nayo.

Maiko ambiri a ku Ulaya salola mfuti kugulitsidwa isanayesedwe ndi zipolopolo za mphamvu yoposa za masiku onse. Ku Birmingham nyumba yoyeseramo mfuti inakhazikitsidwa m'caka ca 1813, ndipo tizizindikiro tace tioneka pa mipope ya mfuti zambiri zakale za ku Mangalande. Koma cizindikiro cinena za tsiku loyesalo basi. Sicinena za zaka makumi atatu zimene mfuti yakhala m'nyumba yodontha.

Ndipo kunena zoona, mipope yambiri iwonongeka m'manja mwa eni ace. Munthu akatsamira mfuti poloka dambo, matope atseka kukamwa kwace. Mabvu nawo akonda kumanga zisa za dothi m'mpope wa mfuti yopacikidwa. Cipolopolo cikakumana ndi cotsekaco, mpope utupa kapena uphulika. Mfuti ikalira motsika kusiyana ndi kale, kawiri-kawiri cipolopolo catsalira m'kati, ndipo kuombanso ndiko kuika dzanja ndi maso pa ngozi. Cina coopsa ndico katiriji ya nambala 20 yolowa m'mfuti ya nambala 12: itsetsereka nikakhala patsogolo, mwini nkulonganso yina pambuyo pace. Pa zonsezi opanga salipira kanthu, ndiponso akana mlandu ngati munthu anadzaza yekha wonga m'makatiriji akale.

Cifukwa cace mlimi asanaombe ayenera kucotsa zipolopolo, ndi kusuzumira m'mpope moyang'ana kowala. Akaona mzere wakuda wozungulira ngati mphete, mng'alu, kapena maenje a dzimbiri, aileke. Ngati mfutiyo njatsopano, asaipale ndi tupa kapena kuipereka kwa wosula makasu, pakuti opanga akaona kuti yakhudzidwa sailandiranso. Aibweze ku sitolo imene anagula pamodzi ndi lisiti, ciphaso, ndi makatiriji otsala m'bokosi lomwelo, napemphe kalata yosonyeza nambala ya mfuti ndi tsiku limene waisiya.

Za gogodela nzina. Mpope wace kawiri-kawiri ndi paipi imene inapangidwira nchito yina, sunayesedwe ndi munthu ali yense, ndipo ulibe nambala. Ukang'ambika palibe sitolo kapena kampani yolembera kalata.