Buleki ya kareto: nsomba ya bass imafuna muyeso, osati nyonga

Kareto, chida chija chokulunga chingwe pa ndodo yowedzera, salinso wa alendo okha. Ena mwa anyamata a m'maboma a m'malire amabwera naye kuchokera ku Joni, ena amapatsidwa ndi alendo amene amawapalasira bwato. Koma ambiri akangomulandira amamanga buleki yake mpaka pamapeto, poganiza kuti kulimbitsa ndiko kugwira nsomba. Zotsatira zake, nsomba ikakoka kamodzi chingwe chimaduka, ndipo mbedza, nyambo yogula ndi ndiwo za tsikulo zimapita limodzi.

Vutoli limaoneka kwambiri powedza bass, nsomba ya kukamwa kwakukulu imene m'Chipwitikizi imatchedwa achigã. Kwawo ndi ku North America. Inafika ku South Africa mu 1928, ndipo kuno ku Mozambique imadziwika kwambiri pa damu la Chicamba, pa mtsinje wa Revué m'chigawo cha Manica. Ikamva mbedza imatsomphola mwadzidzidzi, kulumpha pamwamba pa madzi ikupukusa mutu, kenaka n'kuthawira m'mitengo yomira.

Ntchito ya buleki si yachilendo kwa aliyense amene anawedzapo mlamba ndi chingwe cha m'manja. Mlamba ukakoka mwamphamvu, msodzi amalola chingwe kupulumuka pang'ono pakati pa zala, ukafooka n'kuyambanso kukoka. Buleki imachita zomwezo m'malo mwa zala. Pa makareto ambiri imamangidwa ndi kachitsekerero kozungulira ka pamutu pa gudumu la chingwe. Pa ena ndi kachitsulo konga nyenyezi ka pafupi ndi chogwirira.

Nanga imangidwe motani? Lamulo limene asodzi ozolowera amatsata ndi lakuti mphamvu ya chingwe igawidwe panayi kapena patatu, ndipo gawo limodzi ndilo likhale la buleki. Mphamvuyo imalembedwa pa chibokosi kapena pa gudumu logulira chingwe. Ngati chingwe ndi cha makilogalamu 6, buleki iyambe kulola pa makilogalamu 1,5 mpaka 2. Ngati ndi cha makilogalamu 4, kilogalamu imodzi kapena kupitirira pang'ono yakwana.

Wina angadabwe kuti mphamvu yotsalayo ikusungidwiranji. Chifukwa chake n'chakuti chingwe sichiduka pa nambala yolembedwa ija. Mfundo ya pambedza imachifooketsa, dzuwa ndi miyala nazo zimachidya, ndipo kutsomphola kwa nsomba kumaposa kukoka kwa pang'onopang'ono.

Poyesa sipafunika sikelo ya kusitolo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Msodzi adzaze botolo la malita 2, alimange kunsonga kwa chingwe, ndipo alinyamule pang'onopang'ono ndodo italoza pansi, osaiimika, kuopa kuithyola. Chingwe chikayamba kutuluka pamene botolo likufuna kunyamuka, buleki ili pa makilogalamu 2.

Pamalo pa mitengo yomira ndi udzu wa m'madzi, nsomba siyenera kupatsidwa mpata wothawa, chifukwa ikazunguliza chingwe pa nthambi ndiye kuti yapita. Apa mankhwala ake si kumanga buleki pa chingwe chochepa, koma kuika chingwe chokulirapo, monga cha makilogalamu 9, buleki n'kukhala pa 3. Ndiye kuti munthu asatayire ndalama kareto wodula chifukwa chakuti walembedwa kuti buleki yake imafika makilogalamu 10. Bass zambiri zogwidwa sizipitirira makilogalamu atatu. Ngakhale ija yotchuka imene George Perry anagwira ku Georgia, m'dziko la America, mu 1932, inangopitirira pang'ono makilogalamu 10. Ndiponso nsomba ili m'madzi sinyamulidwa, imatopetsedwa.

Cholakwa china chimachitika nsomba ikathawa ndi chingwe. Kareto akayamba kulira, mtima umathamanga ndipo dzanja limapita pa buleki kukamanga. Pamenepo ndi pamene chingwe chimaduka, pakuti chikamachepa pa gudumu buleki imalimba yokha. Chofunika n'kuimika ndodo kuti ipindike, kusiya kuzunguza chogwirira, ndi kudikira nsomba iime. Kuthamanga sikufika.

Lamulo lomweli limagwiranso ntchito pa mcheni wa ku Cahora Bassa, kungoti kumeneko pafunika kawaya pafupi ndi mbedza chifukwa cha mano ake.

Pobwerera kunyumba buleki imasulidwe yonse, kuti timbale ta m'kati tisaphwatalale n'kuyamba kugwira modukiza. Kareto asaikidwe pamchenga. Ndipo m'mawa uliwonse, asanaponye mbedza yoyamba, msodzi akoke chingwe ndi dzanja, amve ngati chikutuluka bwinobwino.