Mutu wowawa pa masiku osala kudya

Mipingo yambiri imatsegula chaka ndi masiku osala kudya, ndipo ina imasala m'nyengo ya Lenti. Pofika tsiku lachiwiri, Akhristu ena amagwidwa ndi mutu wowawa, thupi kufooka, tulo pakati pa pemphero ndi mtima wapachala. Ena amafulumira kunena kuti mdierekezi wawaukira. Komatu kawirikawiri gwero lake ndi kapu ya khofi kapena tiyi imene aileka mwadzidzidzi.

Mu khofi, mu tiyi, ngakhale m'zakumwa ngati Coca-Cola, muli mankhwala otchedwa kafeini. Tikakhala maso, muubongo mumachuluka adenosine, amene amauza thupi kuti latopa. Kafeini amatsekereza uthengawo, n'chifukwa chake tulo timabalalika. Amachepetsanso mpata m'mitsempha ya magazi ya m'mutu. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku, thupi limazolowera. Tsono akaleka, mitsemphayo imatakasuka, magazi amayenda ochuluka, mutu n'kuyamba kuwawa, ndipo kutopa kumene kunabisika kumabwera konse pamodzi.

Zizindikirozi zimayamba pakatha maola 12 mpaka 24, zimakula pa tsiku loyamba kapena lachiwiri, ndipo zimatha pakati pa masiku 2 ndi 9. M'chaka cha 2013, bungwe la American Psychiatric Association linaika vutoli m'buku lake la matenda. Kapu imodzi ya khofi imakhala ndi kafeini wokwana mamiligalamu pafupifupi 95, pamene ya tiyi imakhala ndi pafupifupi theka lake. Bungwe la FDA ku America limati mamiligalamu 400 patsiku sabweretsa vuto kwa akuluakulu ambiri athanzi, koma amayi oyembekezera amalangizidwa kumwa wocheperapo. Ngakhale kapu imodzi m'mawa uliwonse ikhoza kubala chibaba.

Khofi wa ku Misuku ndi tiyi wa ku Thyolo ndi mphatso za Mulungu, ndipo mabanja ambiri amadyerapo. Kumwa si tchimo. Koma mtumwi Paulo anachenjeza Akorinto kuti ngakhale chinthu chololedwa chisatisandutse akapolo ake (1 Akorinto 6:12). Ngati ana amaopa kulankhula ndi bambo awo kufikira atamwa khofi, kapuyo yayamba kulamulira nyumba.

Choncho, okondedwa, mukafuna kusala kapena kuleka, yambani kuchepetsa kudakali sabata imodzi kapena ziwiri. Amene amamwa makapu atatu atsike pa awiri, kenaka imodzi, kenaka theka. Imwani madzi okwanira ndipo muzigona msanga. Mutu ukabwera ndi kutentha thupi, kusanza kapena kuuma khosi, pitani kuchipatala msanga, pakuti akhoza kukhala malungo kapena matenda ena oopsa.

Ndipo mbale wanu akaoneka wokwiya pa tsiku lachiwiri la kusala, musamuweruze. Mulezereni mtima, mumupempherere. Pakatha masiku ochepa thupi lake lidzakhazikika.