Kabomba Kaja Kanasowa

Aliyense amene anagwirapo kompyuta ya Macintosh m'zaka za m'ma 1990 sangaiwale kabomba kaja. Pulogalamu imodzi ikasokonezeka, kachithunzi ka bomba kankatulukira pa sikirini, makina onse n'kuuma gwa! Ntchito yosasungidwa inkapita pompo. Mapulogalamu onse ankadyera mbale imodzi ya memori popanda malire, ndiye nsomba imodzi ikaola, dengu lonse linkaola.

Kumapeto kwa 1996 kampani ya Apple inalengeza kuti yagula kampani ya NeXT ndipo inayamba kumanga dongosolo lolimba lotchedwa Rhapsody. Vuto linali lakuti opanga mapulogalamu anauzidwa kuti alembenso zonse kuyambira pachiyambi. A Adobe ndi a Microsoft anakoka miyendo, ndipo ine sindiwanena. Ndani angagumule nyumba imene wakhala akuimanga kwa zaka zambirimbiri?

Mu May 1998, Steve Jobs, mtsogoleri wa Apple, anaimirira pamsonkhano wa opanga mapulogalamu ku San Jose n'kutchula dzina loti Carbon. Nzeru yake inali yokoma bwanji! Pulogalamu imalankhula ndi makina kudzera m'malamulo otchedwa API, ndipo Mac yakale inali nawo pafupifupi 8,000. Akatswiri anawapeta ngati mphale: pafupifupi 2,000 amene ankalepheretsa chitetezo cha memori anawataya, 6,000 otsalawo n'kuwasamutsira m'nyumba yatsopano, Mac OS X. Wolemba pulogalamu ankangotenga khodi yake yomwe ija, n'kuiyeza ndi kachida kotchedwa Carbon Dater kuti aone pofunika kukonza, kenako n'kusoka zigamba pong'ambika pokha. Pamsonkhano womwewo, Greg Gilley wa ku Adobe anaonetsa Photoshop ikuyenda m'dongosolo latsopanolo anthu akuona ndi maso awo.

Chimene chimandisangalatsa koposa n'chakuti osauka sanasiyidwe panjira. Chifukwa cha kachida kena kotchedwa CarbonLib, pulogalamu imodzimodziyo inkatha kuyenda pa Mac OS 9 ya kompyuta yokalamba komanso pa Mac OS X.

Pa 24 March 2001 Mac OS X inatuluka. Office v. X ya Microsoft inafika chaka chomwecho, Photoshop 7.0 inatsatira mu 2002, ndipo ngakhale Finder yeniyeniyo, pulogalamu yoonetsa mafailo pa Mac, inalembedwa ndi Carbon. Tsopano pulogalamu ikagwa inkagwa yokha. Nyimbo n'kumalirabe, kalata imene munthu ankalemba ili chikhalire. Kabomba kaja sikanaonekenso!

Carbon inatumikira mpaka 2019, pamene macOS Catalina inasiya kuyendetsa mapulogalamu a 32-bit, kuphatikizapo a Carbon.