Juzi ya Chipewa: Sankhani ndi Manja, Osati ndi Maso

Amayi anzanga, chisanu cha kuno ku Nkhoma sichinyengerera munthu. Juni ndi Julayi akafika, mphepo yotsika m'phiri imampeza mwana panjira ya kusukulu, makutu ndi khosi zili pamtunda. N'chifukwa chake juzi ya chipewa iposa juzi wamba.

Mukafika pa kaunjika ku Mitundu kapena ku Nathenje, musakopeke ndi zilembo za pachifuwa. Itembenuzeni juziyo, muikhudze: m'kati mukhale ubweya wofewa ndi wochindikala. Ikwezeni kudzuwa; ngati kuwala kukudutsa, mphepo nayonso idzadutsa. Kokani kumapeto kwa mikono ndi m'chiuno, muone ngati mphira ikubwerera. Msoko wa m'khwapa ndi zipi musaziiwale.

Ya mwana ikhale yokulirapo, kuti imfikitse chaka chamawa. Ngati ali wamng'ono, sololani chingwe cha m'chipewa, pakuti chingakodwe kunthambi n'kumkola pakhosi.

Mtengo umakwera chisanu chikalowa. Ife m'gulu lathu timasunga pang'onopang'ono, n'kukagula mu Seputembala, pamene ogulitsa afuna kumaliza katundu. Nenererani ndithu, mbewa yamanyazi idafera kuuna.

Potsiriza, chenjerani ndi moto. Majuzi ambiri ali ndi ulusi wa nayiloni kapena poliyesitala, umene ukapsa umasungunuka n'kumatirira pakhungu. Mwana akamaotha m'mamawa, mkhazikeni pataliko, ndipo diso lanu lisachoke pa iye.