Ndiwo zootcha zokulunga m'tsamba la kabichi

Mbewu za kudimba zikachuluka, misika ngati ya Lizulu ku Ntcheu ndi Bembeke ku Dedza imasefukira ndi kabichi, tomato ndi anyezi, mitengo n'kugwa. Zotsala zimangovundira pakhomo. Komatu, alimi anzathu, zomwezi zingasanduke chakudya chopepuka, makamaka kwa amene achipatala anawalangiza kuchepetsa nsima ndi buledi chifukwa cha matenda a shuga. Pa magalamu 100 a kabichi kapena mabiringanya, pafupifupi magalamu 6 okha ndiwo chakudya chopatsa mphamvu cha gulu la nsima.

Dulani mopyapyala mabiringanya, tsabola wobiriwira ndi anyezi. Pakani mafuta supuni imodzi, n'kuwaza mchere pang'ono. Yalani pawaya pamwamba pa mbaula makala atafiira, malawi atazilala, ndipo otchani mbali iliyonse mphindi 4 kapena 5. Tomato abwere pomaliza poti sachedwa kuphwanyika.

Kenaka viikani masamba akuluakulu a kabichi m'madzi owira mphindi 2 kuti afewe, n'kuchotsa mtsempha wapakati. Ikani zootchazo pakati, kulungani monga timachitira ndi mkate m'masamba a nthochi. Dzira lowiritsa, peyala kapena nsinjiro zokazinga zimathandiza kuti njala isabwerere msanga.

Chenjezo: ngati munapopera mankhwala, dikirani masiku olembedwa pabotolo musanathyole. Ndipo amene mukumwa mankhwala a shuga musasiyiretu nsima musanafunse achipatala, chifukwa shuga akatsikitsitsa munthu amakomoka.